Kabawuti Asankha Masipesa

Mutu 6

1. Pangano

Mwana wanga wamkazi ali ndi dzina labwino lomwe tinamupatsa ife makolo ake, koma pa galaja ya achimwene anga palibe amene amalidziwa. Onse amamuitana Kabawuti, chifukwa ndi wamfupi ndipo akagwira chinthu sachisiya. Ndinalikana dzinali kwa nthawi ndithu, kenaka ndinatopa. Lero nanenso ndimamuitana choncho.

Atamaliza sekondale ndinkafuna kuti azindithandiza ku shopu. Ndine telala. Makina osokera ndili nawo awiri, koma miyendo yopalasa ndi yanga yokhayi, ndipo madzulo imatupa. Mwanayo amadziwa kudula nsalu, dzanja lake ndi lowongoka kuposa langa. Koma m'mawa uliwonse ankangomwa tiyi, n'kuvala ovolosi yakale ya amalume ake ataipinda m'miyendo, ulendo wa ku galaja.

Tinakangana mpaka achimwene analowererapo.

"Chemwali, tisamangokokana mwanayu uku ndi uku," anatero. "Lachisanu kukubwera galimoto ya adokotala a mano. Ntchitoyo ndimupatsa yekha, ine sindiikapo dzanja. Adokotala akadandaula, mwana ndi wanu, mumutenge akasoke. Akapanda kudandaula, mumusiye kuno aphunzire ntchito."

Ndinavomera msanga. Adokotalawo ndimawadziwa, ndinawasokerapo madiresi. Ndi mayi wabwino, koma akaona kaulusi kamodzi kakulendewera amabwerera nako pakhomo. Ndinadziwa kuti Lolemba makina achiwiri aja apeza wowapalasa.

2. Galimoto yachikasu

Lachisanu masana ndinatseka shopu n'kupita ku galaja, tepi ili m'khosi, epuloni osavula. Ndinapita kukatenga mwana wanga, sindibisa.

Galaja ya achimwene ndi chishedi cha malata. Pakati pali dzenje lomwe amalowamo akamakonza galimoto kunsi, pakona pali mulu wa matayala akutha, ndipo pashelefu pali wailesi imene imangolira popanda woimvera. Pageti anamangapo kachitunda ka simenti kuti madzi a mvula asamalowe.

Ine za magalimoto sindisamala. Kwa ine galimoto ndi chinthu chonyamula anthu ndi katundu. Koma iyi inandiimitsa. Inali yachikasu, ya zitseko ziwiri ndi mipando iwiri, yaifupi moti denga lake linkandilekeza pachifuwa. Mphuno yake inali yaitali, kumbuyo kotambalala. Penti wake ankaonetsa malata a denga ngati kalilole.

Kabawuti anandiona, sanadabwe. Anandikoka dzanja mpaka kumbuyo kwa galimotoyo.

"Amayi, taimani apa. Mukuwaona matayala? Abisala mkati. Thupi ndi lalikulu koma miyendo yapanikizana. Ikuoneka ngati mwana wavala jekete la abambo ake."

"Ndiye uitani? Uipinde?"

Anaseka, n'kutola chitsulo chozungulira ngati mbale, choboola pakati, chokhala ndi mabowo asanu ndi mabawuti asanu.

"Iyi ndi sipesa. Timaiika kuseri kwa limu, pomwe tayala limamangidwira ku galimoto. Imakankhira tayala kunja. Ikakhala yochindikala, tayala limatuluka kwambiri. Adokotala akufuna matayala afike m'mphepete mwa madigadi, chitsulo chophimba tayalachi, galimoto iime bwino. Mawa akupita nayo ku chionetsero cha magalimoto."

Pabenchi panali mabokosi atatu. Wogulitsa zipangizo anamupatsa kuti ayese, adzabweze otsala. Lina linali la masipesa a mamilimita 15, lina a 20, lina a 30.

"Ndayeza ndi rula m'mawa," anatero. "Kutsogolo kwatsala mpata wa 18, kumbuyo 24. Ndiye kutsogolo ndiika a 15, kumbuyo a 20."

"A 15 ndi a agogo amenewo," anatero munthu wina kumbuyo kwathu.

Anali Liwiro, mwana wa achimwene, msuweni wake wa Kabawuti. Awiriwa anakulira limodzi ndipo sanayambe alankhulana bwinobwino. Liwiro ali ndi kagalimoto kake kofiira kakalekale, kamene kamalira kuposa mmene kamathamangira. Anakatsitsa yekha mpaka kamakwapula pansi. Ntchito yake yeniyeni ndi kujambula magalimoto pa foni n'kumaika pa intaneti.

"Msuweni, adokotala mawa sakupita ku chipatala, akupita kukaonetsa galimoto. Ika a 30 konsekonse, iime ngati ikufuna ndewu."

"Yako ija imaima ngati ikupempha kukankhidwa."

"Siya zimenezo. Ingoyesa, tione. Ukuopa chiyani? Kapena manja ayamba kale kuzolowera singano? Azakhali afika kale aja, akudikira."

Kabawuti anandiyang'ana, n'kuyang'ana tepi inali m'khosi mwanga. Kenaka anakoka bokosi la a 30.

3. Mmene inaimira

Ndinakhala pa tayala lakutha n'kumaonerera. Ndinali ndisanamuonepo akugwira ntchito.

Kunyumba mwanayu akatsuka mbale imodzi imaphwanyika. Apa anali munthu wina. Anakweza galimoto ndi jeke, n'kuika zitsulo zoichirikiza kunsi asanakhudze nati ngakhale imodzi. Atachotsa tayala anapala dzimbiri ndi bulashi ya waya mpaka chitsulo chinawala. Sipesa anaiveka pang'onopang'ono, n'kuigwedeza kuti amve ngati yakhala bwino pa mlomo wapakati. Manati sankawamanga motsatana. Ankamanga iyi, n'kulumphira ya kutsidya, n'kubwerera. Pomaliza anatenga sipanala yaitali imene imalira kuti "tche" nati ikakwana, ndipo ikalira ankasiya pomwepo.

Sanathamange. Liwiro ankamuzungulira ndi foni, iye osamuona n'komwe.

Atamaliza matayala onse anayi anatsitsa jeke. Anakankha galimoto kutsogolo pang'ono, n'kuibweza, kuti ikhazikike.

Mnyamata wowotcherera zitsulo pagalajapo anazimitsa moto wake n'kukweza chipewa cha galasi lakuda. Mayi wogulitsa zakumwa pageti analowa mkati. Ngakhale ine ndinaimirira.

Inali galimoto yomweyo, koma inasintha. Matayala anatuluka kupitirira thupi, otambalala, akuda bii. Inkaoneka ngati yagwira pansi ndi mphamvu, ngati ikungodikira kuti wina aiuze kuti dumpha.

"Ndimanena chiyani ine?" anatero Liwiro. "Azakhali, nenani nokha."

"Ndi yokongola," ndinatero. Bodza sindilidziwa.

Kabawuti ankamwetulira, nkhope yonse mafuta. Tisanadziwe n'komwe, Liwiro anali atatumiza kale chithunzi kwa adokotala. Foni yake inalira nthawi yomweyo. Anatiwerengera mokweza: "Musaikhudzenso. Ndikubwera."

4. Mawu a amalume

Achimwene nthawi yonseyi anali m'dzenje, kunsi kwa lole ina. Anatuluka, n'kupukuta manja, n'kuizungulira galimoto yachikasu ija pang'onopang'ono. Atafika pomwe anayambira anaima.

"Ndinalonjeza amayi ako kuti sindiikapo dzanja, ndipo sindiikapo. Koma za pakamwa sindinalonjeze. Mverani nonse awiri, iwenso wa foni.

"Galimoto sanaipangire kuima. Pano ili phee pa simenti yosalala, mulibe munthu, mulibe katundu, ndiye chilichonse chikuoneka bwino. Ikatuluka pagetipo ikakumana ndi maenje, zitunda ndi makona. Masipuling'i akafinyika thupi limatsika, tayala limakwera. Tayala likakhala mkati, limalowa m'malo mwake popanda vuto. Likatuluka kwambiri limakumana ndi mlomo wa madigadi, ndipo mlomowo ndi chitsulo. Sulidula tsiku loyamba ayi. Umalisenga pang'onopang'ono m'mbali, momwe tayala ndi lopyapyala. Mwini wake sadziwa kanthu, wailesi ikulira. Tsiku lina ali pa liwiro lalikulu, tayala liphulika.

"Akutsogolo ndiye ovuta kwambiri, chifukwa amakhota. Mpata umene ukuuona tayala litawongoka umatha ukapinda chiwongolero. Komanso ukalitalikitsa tayala, mabelingi amene tayala limazungulirapo amanyamula katundu mopendekera, satenga nthawi kutha.

"Sindikunena kuti masipesa awa ndi oipa. Pa galimoto ina amakwana bwinobwino. Pa iyi sindikudziwa, sindinayeze. Woyeza ndiwe.

"Ndakhala pa ntchito imeneyi kuyambira amayi ako ali pasukulu. Ndaona amakaniko aluso kuposa ine akugwira ntchito kuti anthu oimirira pambali awawombere m'manja. Koma owomba m'manjawo sakwera nawo galimotoyo. Amapita kwawo wapansi. Amene amakwera ndi mwini wake, ndi mwamuna wake, ndi mwana wake. Akamatsika chitunda mvula ikugwa, amakhala akudalira manja a munthu amene sali pomwepo. Manja amenewo lero ndi ako. Ndatha."

Anatenga makiyi a galimoto yokokera zinzake zikafa panjira. Wina anali atawaimbira kuti galimoto yamufera pamphambano.

"Chemwali, muziyang'anira galaja," anatero, n'kumapita.

"Adadi amaopa chilichonse," anatero Liwiro galimoto yawo itatuluka. "Akanakhala okha, magalimoto onse bwenzi akuyenda ngati mawilibala."



5. Choko

Kabawuti anaima nthawi yaitali akuyang'ana tayala lakumbuyo. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Amayi, mukasoka siketi yothina, mumatani musanaipereke?"

"Ndimamuuza mwini wake aivale, akhale pampando, aweramenso. Ataimirira aliyense imamukwana."

"Ndibwerekeni choko."

Ndinapisa m'thumba la epuloni n'kumupatsa choko cholembera nsalu. Anagwada n'kupaka m'mphepete mwa matayala onse anayi mpaka anayera. Atatha anatsegula chitseko.

"Lowani, mukhale apa. Adokotala amayenda ndi amuna awo, ndipo bambowo si ochepa thupi."

"Ukutanthauza chiyani?"

"Palibe, amayi. Ingolowani."

Kulowa m'galimoto imeneyo ndi ntchito. Umakhala ngati ukukhala pansi penipeni. Maondo anga analira, wowotcherera zitsulo anayang'ana kumbali kuti ndisaone kuti akuseka. Mkati munkanunkhira chikopa.

Kabawuti analiza injini. Inalira mozama, mpaka ndinaimva m'msana. Anayendetsa pang'onopang'ono kupita kugeti, n'kukwera kachitunda ka simenti kaja mopingasa, chiwongolero atachipinda. Pamenepo ndinamva kaphokoso kakang'ono, "khwe", ngati sizasi ikudula nsalu yochindikala. Anabwerera chammbuyo, n'kukweranso. "Khwe."

Anandiyang'ana. Nanenso ndinamuyang'ana.

Atazimitsa injini anatsika, n'kupisa dzanja kunsi kwa madigadi akutsogolo. Zala zinatuluka zoyera. Anapita mbali ina, chimodzimodzi. Kumbuyo, mbali imene ndinakhala ine, chimodzimodzinso. Pa tayala lililonse mwa atatuwo panali kamzere kakuda pomwe chitsulo chinapala choko.

Liwiro anabwera, n'kuona zala zija.

"Ndi pang'ono chabe. Kachitunda ka adadi aka n'kokwera kwambiri."

"Pamsewu pali zokwera kuposa aka."

Asanapitirize, takisi inaima pageti. Adokotala anatsika akadali ndi chovala chawo choyera cha kuntchito. Ndi mayi wamtali, imvi zayamba, amayenda mofulumira. Ataona galimoto yawo anaima, n'kugwira pakamwa.

"Mwanawe, wandibwezera ku utsikana," anatero. Anaizungulira akuisisita. "Zaka zonsezi ndimadziwa kuti pali chimene chikusowa, koma osachidziwa dzina. Ndi chimenechi. Anzanga ndawatumizira kale chithunzi, sakukhulupirira. Makiyi ali kuti?"

Kabawuti anali ataima pambali pa tayala. Kudzanja lamanzere anali ndi chisanza, lamanja linali loyera ndi choko. Liwiro anamuyandikira n'kunong'ona, koma ine ndinali pafupi, ndinamva.

"Pukuta. Mawa ndi tsiku limodzi lokha. Udzasintha Lolemba, utapambana kale pangano."

Zinali zoona. Akanapukuta, adokotala akanapita akusangalala, pangano n'kutha, ine n'kubwerera ndekha ku shopu. Akanena, adokotala akanadandaula, ine n'kumutenga. Ndinamusiya asankhe yekha.

Kabawuti anaponya chisanza pabenchi, n'kutambasula dzanja loyera lija.

"Mayi, tayala likukhudza thupi. Choko ichi ndinapaka pa matayala, ndachipeza kunsi kwa madigadi. Masipesa awa akula. Ndikufuna ndiwachotse, ndiike ang'ono."

Nkhope ya adokotala inasintha.

"Ang'ono aoneka chonchi?"

"Ayi. Aoneka bwino, koma osati chonchi."

"Nanga unaikiranji awa?"

"Ndinalakwa. Muyezo ndinali nawo kuyambira m'mawa, koma ndinafuna kuona."

"Ndiye wandionetsa chinthu, ndachikonda, ndauza anthu, tsopano ukundilanda."

"Eya, mayi."

Adokotala anapinda manja pachifuwa.

"Ndikanena kuti galimoto ndi yanga, uisiye choncho?"

"Galimoto ndi yanu, mayi. Koma makiyi sindikupatsani ine. Mudikire amalume abwere akupatseni okha, ndipo ndiwaonetsa dzanjali."

Dzanja lija sanalibweze. 

Adokotala anayang'ana wotchi.

"Ndasiya anthu pamzere atagwira masaya. Ndibweranso ndikaweruka. Ndikadzapeza galimoto yanga yabwerera kuoneka ngati kale, amalume ako amva zonse."

Anakweranso takisi yomwe ija. Sanatsanzike.

"Wadziwotcha wekha," anatero Liwiro. "Azakhali, konzani mpando ku shopu."

"Iwe choka apa, ukutchinga kuwala," ndinamuuza.

6. Kuyambiranso

Kabawuti sanalire, ngakhale maso anali ofiira. Anakoka jeke n'kuyambiranso.

Kumasula matayala anayi amene wangowamanga kumene si zoseketsa. Thukuta linkatsika m'khosi mwake. Ndinaona manati akugubuduka pansi, ndipo sindipirira kuona zinthu zikumwazika, ndiye ndinatambasula epuloni kuti aziponyamo. Kenaka ndinapezeka ndikugubuduza tayala. Sindikudziwa kuti zinayamba bwanji.

Ataika sipesa ya 15 kutsogolo anaima, n'kuloza.

"Mukuona, amayi? Iyi ndi yopyapyala, ndiye mabawuti akale a galimoto akutulukira pamwamba pake. Akagunda kuseri kwa limu, tayala silikhala mowongoka. Manati amaoneka ngati amangika, koma pamsewu amamasuka."

"Ndiye basi, zakanika?"

"Dikirani."

Anatembenuza tayala. Kuseri kwa limu kunali timaenje pakati pa mabowo. Anapisamo chala, n'kuyeza kuya kwake ndi kachitsulo. Sanakhutire. Anapaka choko pansonga pa mabawuti akale aja, n'kuveka tayala, n'kulimanga, n'kulichotsanso. M'timaenje muja munalibe choko ngakhale pang'ono.

"Akulowa osagunda," anatero, n'kupuma mozama.

Choko changa chinali chitatsala kachidutswa kakang'ono. 

Kumbuyo anaika a 20. Anamanga manati modumphadumpha muja, sipanala yaitali ikulira "tche". Anatsitsa galimoto, n'kupakanso matayala, n'kunditsegulira chitseko.

"Kachiwirinso?"

"Komaliza, amayi."

Tinakwera kachitunda mopingasa, chiwongolero chitapindidwa kumanja. Zii. Tinabwerera, n'kupinda kumanzere. Zii. Anandiuza kuti ndidzigwedeze pampando, ndinadzigwedeza monga ndikanathera, wowotcherera zitsulo nthawi ino osabisanso kuseka. Kabawuti anatsika, n'kupisa dzanja kunsi kwa madigadi onse anayi. Zala zinatuluka zakuda ndi fumbi lokha.

Ndinatuluka movutikira n'kukaima kumbuyo pomwe anandiimika poyamba paja. Matayala sanatulukire kunja, sanabisalenso. Mbali ya tayala ndi mphepete mwa thupi zinatsika mzere umodzi. Kabawuti anagoneka rula pamenepo, panatsala kampata kongolowa chikhadabo cha chala chachikulu ndi pang'ono. Ine ndimadziwa mpendero wosokedwa bwino ndikauona. Sufuula, koma diso likafikapo limakhazikika.

"Yabwino," anatero Liwiro, "koma sikuopsa." Sanaijambule. Anapita kukakhala kuseri kwa mulu wa matayala.

7. Dandaulo la adokotala

Achimwene anabwera akukoka galimoto yakufa ija. Anayang'ana yachikasu, n'kuyang'ana mabokosi pabenchi, n'kuyang'ana choko pa matayala.  Posakhalitsa adokotala nawo anafika.

Anaizungulira osaisisita. Anaima kumbuyo nthawi yaitali, mutu atapendeketsa.

"Lowa," anamuuza Kabawuti. "Ukufuna ndikukhulupirire, ndiye tikwere limodzi."

Kabawuti anawapatsa makiyi. Anatuluka pageti, injini ikubangula mpaka kumapeto kwa msewu. Ine ndi achimwene tinakhala pabenchi.

"Chokocho ndi chanu?" anafunsa.

"Chinali changa."

"Ndani anamuuza zopaka?"

"Si inu?"

"Ine ndimapisa dzanja n'kumvetsera. Za choko sindinamuphunzitsepo."

Adokotala ndi Kabawuti anabwerako dzuwa likulowa. Adokotala asanatsike n'komwe, Kabawuti anali atathamangira sipanala yaitali ija. Anazungulira matayala onse, nati iliyonse kuiyesanso ngati yamasuka panjira. Palibe inasuntha.

Adokotala anaima patsogolo pa achimwene.

"Bambo, ndili ndi dandaulo."

Kabawuti anaimirira, sipanala ili m'manja.

"Galimoto ya masana ija inali yokongola kuposa iyi. Ndinena mosabisa. Mawa anzanga andifunsa kuti ya pachithunzi ija ili kuti, ndipo ndichita manyazi. Mwana wanuyu wandionetsa chinthu chimene sichikanatheka, wandikwiyitsa, wandimana makiyi a galimoto yanga pamaso pa anthu. Ndadandaula.

"Koma ndadutsa nayo pa zitunda zonse za msewu wa kumsika, ndakhota pamphambano osachepetsa kwenikweni, sindinamve kanthu. Nanenso kuntchito kwanga amabwera anthu ofuna ndiwachite zimene aona pa foni. Ena ndimawakaniza, amapita atakwiya. Ndikudziwa mmene zimavutira kunena ayi kwa munthu wamkulu. Galimoto iyi ikadzabweranso kuno, aziigwira ndi yemweyu."

Analowanso m'galimoto yawo, n'kumapita. Tonse tinaiyang'ana kumbuyo ikukwera kachitunda. Inkayenda mokhazikika, matayala ali m'malo mwake.

Achimwene anakanda m'mutu.

"Chemwali, mwamva nokha. Adandaula. Tinapangana kuti akadandaula mwana ndi wanu. Ine mawu anga sindibweza. Mutengeni."

Kabawuti anaika sipanala pabenchi pang'onopang'ono.  Anayamba kumasula mabatani a ovolosi.

Ndinamuyang'ana manja. Anali akuda, chala chimodzi chikutuluka magazi pang'ono pomwe anadzipweteka ndi limu. Miyendo yanga inkawawa ngati masiku onse, ndipo ku shopu kunali madiresi odikira.

"Manga mabataniwo," ndinatero. "Ndikutenge ukatani? Munthu womana mwini galimoto makiyi ake, ku shopu ungandithamangitsire makasitomala onse. Khala konkuno. Wopalasa makina ndikapeza wina."

"Amayi..."

"Usandikumbatire ndi mafuta amenewo. Longedza zinthu za eni ake, tizipita."

Anaseka, misozi ikutsika, n'kudzipukuta ndi mkono mpaka nkhope yonse inada. Achimwene anatembenuka n'kuyamba kufunafuna chinthu pashelefu chimene sichinasowe.

Kabawuti anapita kubenchi kukatseka mabokosi oti abweze kwa wogulitsa. Anatenga la a 15, n'kutenga la a 20. Anayang'ana kunsi kwa benchi, n'kuyang'ana kuseri kwa matayala.

"Amalume, bokosi la a 30 mwalisuntha?"

"Ayi."

Wowotcherera zitsulo anakweza chipewa chake.

"Watenga Liwiro, muja mumalankhula ndi adokotala. Watenganso jeke wamng'ono. Anati mwamutuma."

Tinayang'ana panja. Pansi pa mtengo, pomwe kagalimoto kofiira kamaima, panali dontho la oyilo lokha.

Achimwene anamuimbira foni Liwiro. Inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso, inali itazimitsidwa.

"Kake kaja n'kotsika kuposa ya adokotala," anatero Kabawuti. "Ndipo mawa akunyamula anzake atatu kupita ku chionetsero."

Anatolanso sipanala yaitali ija.

"Ndikudziwa kumene amakonzera akamazemba amalume. Amayi, ndipite?"

Ndinavula epuloni n'kuipinda.

"Wekha sakakumvera. Tiye."